Ulusi wa galasi pa msika wa dziko lonse: ng'anjo zili kuti, misonkho ikuluma yani, ndipo ife tikuugula bwanji

Katundu aliyense wolowa m'dziko muno, kaya wadzera pa Mwanza, pa Dedza, pa Songwe kapena pa sitima ya ku Nayuchi, amalembedwa ndi nambala yake. A MRA ndiwo amalemba pa chipata, ndipo ziwerengerozo zimadzathera kuno ku Zomba, ku likulu la National Statistical Office, komwe amazisonkhanitsa n'kutulutsa malipoti a malonda athu ndi mayiko ena. Nambalazi si zathu tokha. Ndi za ndondomeko ya Harmonized System, yomwe bungwe la World Customs Organization la ku Brussels linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1988, ndipo lero pafupifupi dziko lililonse limaitsatira. Nambala 7019 ndi ya ulusi wa galasi ndi zinthu zopangidwa ndi ulusiwo, zomwe amisiri omata mabampala a galimoto ndi eni maboti amangoti faiba.

Mukatsegula ziwerengero za nambala imeneyi pa UN Comtrade kapena pa Trade Map ya International Trade Centre, nkhokwe za pa intaneti za ziwerengero za malonda a mayiko, poyamba zimaoneka zosavuta. Malonda ake amapitirira madola 10 biliyoni pachaka. China ndiye amagulitsa kwambiri kunja, ndipo United States ndi Germany amakhala pamwamba pa mayiko ogula. Koma mukatsata chaka ndi chaka kuti ogulawo akugula kwa yani, mumapeza zodabwitsa. Egypt, yemwe kale sankatchulidwa n'komwe pa malondawa, amatulukira n'kukhala mmodzi wa ogulitsa akuluakulu ku Ulaya. Patapita nthawi Morocco naye amatulukira pa nsalu za faiba. Wina angaganize kuti anthu a m'mayikowa angodzuka ndi luso latsopano, koma ayi. Zomwe zimasuntha ziwerengerozi ndi ziwiri: khalidwe la ng'anjo yosungunulira galasi, ndi misonkho yomwe maboma amaika pa zipata zawo. Zinthu ziwiri zomwezi ndi zimene zimachititsa kuti nthawi zina faiba ichuluke ndi kutsika mtengo pa msika wa dziko lonse, chikhalirecho mmisiri wa ku Chinamwali kapena ku Kachulu akuigulabe modula.

Tisaisokoneze ndi faiba ya intaneti yomwe ESCOM ndi makampani a mafoni amayala m'dziko muno. Iyo ndi galasi loyeretsedwa kwambiri lonyamula kuwala, ndipo ili ndi nambala zake zina, 9001 ndi 8544. Yomwe tikukamba pano ntchito yake ndi kulimbitsa zinthu ndi kutchinga kutentha.

Ng'anjo yosazimitsidwa

Zopangira zake ndi za m'nthaka: mchenga wa silika, miyala ya laimu, dongo loyera la kaolin, ndipo pa mitundu yambiri amawonjezera boron, mchere womwe nkhokwe zake zazikulu pa dziko lonse zili ku Turkey. Zonsezi amazipera, amazisakaniza, n'kuzisungunula pa moto wopitirira madigiri 1,400. Galasi losungunukalo limayenderera mpaka pa timbale tokhala ndi timabowo mazana kapena masauzande, ndipo likamadontha makina amalikoka mwaliwiro mpaka lisanduke ulusi wa mamaikironi 5 mpaka 24, wochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu. Usanakulungidwe amaupaka mankhwala oti uzigwirana bwino ndi pulasitiki. Mankhwala amenewa kampani iliyonse imawasunga mwachinsinsi, chifukwa ndi pomwe pagona kusiyana kwa faiba yabwino ndi yachabechabe.

Ukachoka pamenepo ulusi umagulitsidwa m'maonekedwe osiyanasiyana: zingwe zokulungidwa pa mipukutu, tizidutswa toduladula tosakaniza mu pulasitiki ya zipangizo za galimoto, chimkeka choyera chija amisiri amang'amba ndi manja, kapena nsalu yolukidwa. Paokha ulusi sungaime, ndipo rezini, pulasitiki yamadzimadzi yomwe amapaka pa ulusiwo n'kuuma, payokha imasweka. Ziwirizi zikaphatikizana zimagwira ntchito ngati nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi n'kumatidwa ndi dothi: nsungwi zimakana kuduka, dothi limasunga maonekedwe. Chotulukapo chimakhala chopepuka kuposa chitsulo, sichichita dzimbiri, sichiola m'madzi ndiponso sichidutsitsa magetsi.

Pali mtundu winanso womwe uli pa nambala yomweyi, wooneka ngati thonje, womwe amayala kudenga kapena kukutira nawo mapaipi otentha. Umenewu suyenda mtunda wautali pa malonda. Gawo lalikulu la mpukutu wake ndi mpweya, ndiye kudzaza nawo kontena n'kuwolotsa nyanja n'kulipirira mpweya. N'chifukwa chake umagulitsidwa kwambiri pakati pa mayiko oyandikana, pomwe zingwe ndi nsalu, zomwe ndi zolemera ndiponso zothinana, zimazungulira dziko lonse.

Ntchitoyi inayamba mwamphamvu ku America m'zaka za m'ma 1930, pomwe Games Slayter ndi anzake a ku kampani ya Owens-Illinois anapeza njira yopangira ulusiwu wambiri nthawi imodzi. Mu 1938 panabadwa kampani ya Owens-Corning Fiberglas ku Toledo, m'boma la Ohio, ndipo pofika 1953 galimoto ya Chevrolet Corvette inatuluka ndi thupi la faiba. Kwa zaka zambiri malondawa anali m'manja mwa makampani a ku America, Ulaya ndi Japan.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ng'anjo ya galasi ikayatsidwa siizimitsidwa. Imayaka usana ndi usiku kwa zaka pafupifupi 10, chifukwa moto ukazima galasi limaumira m'kati ndipo njerwa zake zapadera zimang'ambika. Ng'anjo imodzi yamakono imatulutsa matani 80,000, ina mpaka 120,000 pachaka, kaya ogula alipo kaya palibe. Mwini fakitale ya sopo malonda akavuta amachepetsa masiku ogwira ntchito. Mwini ng'anjo sangatero. Ngongole ya ku banki ikumudikira, gasi akuyakabe, mipukutu ikuunjikana m'nyumba yosungira katundu. Chomwe amachita ndi kufunafuna msika kunja n'kugulitsa pa mtengo uliwonse wobweza ndalama ya gasi ndi malipiro. Mikangano yonse ya misonkho yomwe tikambe kutsogoloku imachokera pamenepa.

Timbale ta timabowo tija natonso tili ndi nkhani yotikhudza ife a kummwera kwa Africa. Timapangidwa ndi platinum wosakaniza ndi rhodium, chifukwa ndi zitsulo zochepa zomwe zingapirire galasi lotentha chotero kwa nthawi yaitali, ndipo gawo lalikulu la zitsulo ziwirizi limakumbidwa ku South Africa. Kumayambiriro kwa 2021 mtengo wa rhodium unapitirira madola 25,000 pa aunsi imodzi. Makampani a faiba a ku China anasintha kasakanizidwe kuti agwiritse ntchito rhodium wochepa, n'kugulitsa wotsalayo, ndipo zimenezi zinathandizira kugwetsa mtengowo kufika pansi pa madola 5,000 mu 2023. Chigawo chathu chimatumiza chitsulo chomwe popanda icho ulusi sungatuluke, kenaka n'kumagula ulusiwo kwa ena. Zimandiwawa ndikaziganizira, ngakhale si zachilendo pa malonda a Africa.

China ndi kukwera ndi kutsika kwa mtengo

Lero China amapanga zoposa theka la faiba yonse ya pa dziko. Mayina atatu ndiwo akuluakulu: China Jushi ya ku Tongxiang m'chigawo cha Zhejiang, Taishan Fiberglass ya ku Shandong, ndi CPIC ya ku Chongqing. Awiri oyambawo ali pansi pa gulu la makampani aboma la CNBM. Anthu ambiri amaganiza kuti zonsezi amapangira kugulitsa kunja, koma gawo lalikulu limathera ku China komweko, m'zomangamanga, m'galimoto, m'zipangizo zamagetsi ndi m'mapiko a makina opukusa magetsi ndi mphepo. Piko limodzi la makina a panyanja limatha kutalika kupitirira mamita 100, ndipo mbali yaikulu ya thupi lake ndi faiba ndi rezini.

Choncho msika wa ku China ukatekeseka, dziko lonse limamva. Mu 2020 boma la China linali litalengeza kuti sabuside ya magetsi a mphepo a pamtunda itha kumapeto kwa chakacho. Makampani anathamangira kumaliza ntchito nthawi isanakwane, faiba inasowa, ndipo mtengo unakwera mpaka mu 2021, nthawi yomwenso mtengo wa kontena unali utakwera koopsa chifukwa cha Covid-19. Poona phindu, opanga faiba anamanga ng'anjo zatsopano. Ng'anjozo zinayamba kuyaka pomwe ntchito zomanga nyumba ku China zinali zitayamba kulowa pansi, ndipo mu 2022 ndi 2023 mitengo inagwa. Faiba yotsala inalunjika ku madoko. Mukaona dziko lina likuoneka kuti lagula matani ambiri pa ndalama zochepa m'zaka zimenezi, chifukwa chake ndi chimenechi.

China naye amagula faiba kunja, makamaka ulusi wosalala kwambiri wolukira nsalu za m'timabolodi ta makompyuta, womwe Japan ndi Taiwan ali nawo luso. Mu 2025 kunamveka kusowa kwa nsalu yapadera yotchedwa T-glass, yomwe kampani ya Nittobo ya ku Japan ndiyo imapanga kwambiri, chifukwa opanga zipangizo za makompyuta akuluakulu a AI ankailimbirana. Nambala ndi yomweyo, 7019, koma mtengo wa kilogalamu imodzi ya nsalu yotereyi ndi wa chimkeka chomatira boti n'zosayerekezeka.

Momwe Egypt analowera

Mu 2011 bungwe la European Union linaika msonkho wapadera pa faiba yochokera ku China, ponena kuti ikugulitsidwa ku Ulaya motchipitsa dala, pansi pa mtengo wake weniweni, ndipo ikupha mafakitale akumeneko. Kumapeto kwa 2014 linawonjezera msonkho wina wobwezera sabuside yomwe boma la China limapatsa makampaniwo, ndipo kwa ena misonkho iwiriyi pamodzi inafika pafupifupi 30 peresenti, pamwamba pa msonkho wanthawi zonse wa 7 peresenti.

Jushi sinadikire. Inamanga ng'anjo ku Ain Sokhna, m'mphepete mwa Gulf of Suez, m'dera la mafakitale lomwe maboma a China ndi Egypt anakhazikitsa mogwirizana. Ng'anjo yoyamba, ya matani 80,000 pachaka, inali ikugwira ntchito mu 2014, ndipo pofika 2018 fakitaleyo inali itafika pa matani 200,000. Malowa anasankhidwa mwanzeru. Egypt ali ndi gasi wake, ali ndi mchenga, laimu ndi kaolin, ali pakhomo pa ngalande ya Suez, ndipo koposa zonse ali ndi pangano la zamalonda ndi European Union lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004, lolola katundu wa m'mafakitale ake kulowa ku Ulaya popanda msonkho. Faiba ya kampani yomweyo, yopangidwa ndi luso lomwelo, inasintha dziko lobadwira n'kudutsa pa chipata mwaulere. CPIC nayo inachita zofananako ku Bahrain.

Mu 2020 European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za European Union, inachita chinthu chomwe inali isanachitepo. Inati ngongole zofewa ndi thandizo lomwe mabanki ndi makampani aboma a ku China anapereka ku mafakitale a ku Suez ziwerengedwe ngati sabuside ya boma la Egypt, popeza Egypt anavomera ndi kulandira thandizolo ngati gawo la mgwirizano wawo. Inaika msonkho wa 13.1 peresenti pa zingwe ndi tizidutswa ta faiba tochokera ku Egypt, komanso misonkho ina pa nsalu za faiba zochokera ku China ndi ku Egypt. Makampaniwo anakadandaula ku khoti, ponena kuti malamulo a World Trade Organization amakamba za sabuside yomwe boma limapereka m'dziko lake lomwe. Khoti loyamba la European Union, la General Court, linawakanira mu 2023, ndipo khoti lalikulu la European Union linatsimikiza chigamulocho mu November 2024.

Ine ndikuona kuti chigamulo chimenechi chikutikhudza kuposa faiba yeniyeniyo. Mayiko ambiri a mu Africa, ife tomwe, tikukopa makampani akunja kuti adzamange mafakitale m'madera apadera, ndi chiyembekezo choti katunduyo akalowa ku Ulaya mosavuta. Malawi, monga dziko losauka, ali ndi mwayi wogulitsa ku European Union chilichonse kupatula zida zankhondo popanda msonkho. Koma nkhani ya Suez ikusonyeza kuti ogulawo tsopano amafunsanso kuti ndalama yomangira fakitale inachokera kuti ndipo inabwera pa mfundo zotani. Amene akukambirana mapangano otere m'malo mwathu ayenera kuidziwa bwino nkhani imeneyi.

Chipata cha Egypt chitatsekedwa, nsalu zinayamba kufika ku Ulaya kuchokera ku Morocco ndi ku Turkey, komwe ulusi wa ku China unkangolukidwa kapena kusokedwa pang'ono n'kupatsidwa dziko latsopano. Mu 2022 misonkho ija inafalitsidwa ku mayiko awiriwanso. Masewerawa anali atachitikapo kale pa ukonde wa faiba womwe omanga amaika m'kati mwa pulasitala wa khoma: msonkho utaikidwa pa wa ku China mu 2011, katunduyo anayamba kudzera ku Malaysia, kenaka Taiwan ndi Thailand, kenaka India ndi Indonesia, ndipo msonkho unkamutsatira konseko.

Ku America njira inali yachidule. Boma la Donald Trump linaika msonkho wa 10 peresenti pa katundu wambiri wa ku China mu September 2018, n'kuukweza kufika 25 peresenti mu May 2019, ndipo chaka chomwecho Jushi inayatsa ng'anjo yake m'boma la South Carolina.

Kodi misonkhoyi yapulumutsa mafakitale akale? Mwapang'ono chabe. Kampani ya PPG ya ku America inagulitsa mafakitale ake a faiba kwa Nippon Electric Glass ya ku Japan, a ku Ulaya mu 2016 ndi a ku America mu 2017. Nkhondo ya ku Ukraine itakweza mtengo wa gasi mu 2022, ng'anjo za ku Ulaya zinayamba kudya ndalama zambiri kuposa za opikisana nawo, ndipo mu 2025 fakitale yaikulu ya ku Wigan, ku England, inatsekedwa. Chaka chomwecho Owens Corning, kampani yomwe inayambitsa zonsezi, inalengeza kuti ikugulitsa gawo lake lopanga ulusi wolimbitsira zinthu kwa Praana Group ya ku India. Komanso msonkho uli ndi mbali ina: opanga mapiko a makina a mphepo ndi zipangizo za galimoto ku Ulaya amadandaula kuti akugula faiba modula kuposa anzawo a ku China, omwe kenaka amawagulitsa piko lathunthu.

Ziwerengero zimanena zoona, koma osati zonse

Wophunzira wa zachuma pa University of Malawi amene wapatsidwa ntchito yofufuza malondawa asamale ndi misampha ingapo. Katundu wolowa m'dziko amalembedwa pa mtengo wophatikiza mayendedwe ndi inshuwalansi, pomwe wotuluka amalembedwa pa mtengo wa pa doko lochokera, ndiye zomwe China akuti wagulitsa ndi zomwe dziko logula likuti lagula sizifanana. Kwa dziko lopanda doko ngati lathu kusiyanako kumakula. Belgium ndi Netherlands amaoneka ngati ogula ndi ogulitsa akuluakulu, koma gawo lina ndi katundu wongodutsa pa madoko awo a Antwerp ndi Rotterdam. Mu 2022 timagulu ta m'kati mwa nambala 7019 tinakonzedwanso, motero kuyerekeza kagulu kamodzi zaka za m'mbuyo ndi za m'tsogolo mwa chakacho kungakusocheretseni. Ndipo nthawi zonse yang'anani matani pamodzi ndi madola. Ndalama zikhoza kutsika katundu akuchuluka.

Msampha waukulu kwa ife ndi wakuti faiba yambiri yomwe timagula siilembedwa pa 7019 n'komwe. Imalowa itabisala m'zinthu zomalizidwa kale. Kabolodi kobiriwira ka m'kati mwa foni, wailesi kapena invetala ya sola ndi nsalu ya galasi yomatidwa ndi rezini. Mabatire ambiri otsekeratu a sola ndi a njinga zamoto za kabaza ali ndi timikeka ta ulusi wa galasi tosunga asidi. Denga lovundikira kumbuyo kwa pikapu, makwerero a amisiri a magetsi, ena mwa malata oonekera omwe amaika m'mashedi kuti kuwala kulowe, boti lobwera lathunthu pa thiraki, zonsezi zili ndi nambala zawozawo. (Mathanki obiriwira ndi akuda omwe ali pa nsanja m'makomo ambiri mu mzinda muno ambiri si a faiba, ndi a pulasitiki wamba.) Dziko likamaoneka kuti likugula faiba yambiri pa 7019, nthawi zambiri ndiye kuti lili ndi mafakitale oisandutsa zinthu. N'chifukwa chake Germany ndi United States ali pamwamba. Kuchepa kwa nambalayi pa ziwerengero za dziko losauka sikusonyeza kuti anthu ake safuna faiba, koma kuti ntchito youmba ikuchitikira kwina ndipo malipiro ake akudyedwa kwina.

Ulendo wofika kwathu

Mpukutu wa chimkeka cha faiba usanafike m'manja mwa mmisiri wa kuno umadutsa m'manja ambiri. Umatsika pa doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo kawirikawiri umayamba wakhala m'nyumba ya wogulitsa wapakati asanaudule kuti agulitse kwa amalonda ang'onoang'ono. Aliyense amaikapo phindu lake. Pamwamba pake pali thiraki, msonkho wa pa chipata, VAT, ndi vuto lopeza ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, zaka zomwezo zomwe mtengo wa faiba unkagwa ku China. Kutsika konse kwa kunjako kunamezedwa panjira.

Ndiye bwanji osamanga ng'anjo yathu? Funsoli si lopusa. A Geological Survey Department, omwe likulu lawo lili kuno ku Zomba, analemba kalekale za mchenga wopangira galasi m'madambo a ku Mchinji ndi pa mchenga wolekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Kaolin aliko ku Linthipe, ndipo miyala ya laimu inkakumbidwa ku Changalume, m'boma lathu lomweli, popangira simenti. Koma mchenga ndi gawo lotchipa la ntchitoyi. Chodula ndi moto wosazima kwa zaka 10. Tilibe mapaipi a gasi, ndipo tonse tikukumbukira zomwe zinachitika namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ng'anjo ikanakhalapo bwenzi itaumira galasi m'kati. Ngakhale magetsi akanakhala odalirika, ng'anjo imodzi ingatulutse faiba yoti dziko lino silingaimalize, ndipo yotsalayo ikanayenera kukwera thiraki kupita ku doko kukapikisana ndi ya ku Tongxiang ndi ya ku Suez. Pamenepa sindikuonapo mwayi, ndipo ndalama za boma zisaponyedwe kumeneko.

Mwayi uli pa kuumba. Kupanga boti la faiba sikufuna ng'anjo. Kumafuna chikombole, chimkeka, rezini, mankhwala oumitsira, burashi, shedi yopita mphepo, ndi mmisiri wodziwa ntchito yake amenenso amavala zoteteza, chifukwa fungo la rezini limapweteka m'chifuwa ndipo fumbi la faiba limayabwa pakhungu. Taganizirani za nyanja ya Chilwa. Ndi yosaya, madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo imaphwa nthawi zina, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Asodzi a matemba, makumba ndi milamba, ndiponso anthu owoloka pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, amadalira mabwato osema ndi maboti a matabwa. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikusowa, ndipo aliyense woyang'ana mapiri otizungulira akudziwa chifukwa chake. Boti la matabwa likakhala pa matope ouma miyezi yambiri limang'aluka. La faiba limadikira madzi osawonongeka, limayenda pa madzi osaya chifukwa chopepuka, ndipo likabooka limamatika tsiku lomwelo. Vuto lake ndi mtengo wogulira, ndipo mtengowo ndi womwe malonda onse takambawa amaukhudza.

Apa pali khomo lomwe ndikuona kuti sitilikankha mokwanira. Malawi ndi Egypt onse anali m'gulu la mayiko 9 oyamba kulowa mu msika wopanda misonkho wa COMESA pa 31 October 2000. Faiba yopangidwa ku Ain Sokhna, yomwe ku Ulaya ikulipiritsidwa msonkho wowonjezera, ndi katundu wa dziko la COMESA, ndipo ikabwera ndi chikalata chotsimikiza komwe inapangidwira iyenera kulandiridwa pa mfundo za mgwirizanowo. Ikadzera kwa wogulitsa wapakati wa kunja kwa COMESA, n'kudulidwa ndi kupakidwanso, mwayi umenewo umatayika. Njirayi ili ndi minga yake. Kuyambira kumapeto kwa 2023 zigawenga za Houthi za ku Yemen zinayamba kuthira nkhondo sitima pa Red Sea, ndipo sitima zambiri zochokera ku Asia kupita ku Ulaya zinayamba kuzungulira ku Cape. Zimenezi zinapatsa faiba ya ku Egypt mwayi pa msika wa ku Ulaya, popeza iyo siidutsa pa Bab el-Mandeb, khomo la kummwera la Red Sea. Kwa ife n'zotembenuka: sitima yochoka ku Suez kubwera ku Nacala kapena Beira iyenera kudutsa pomwepo, pomwe ya ku China imangowoloka Indian Ocean.

Ndiponso fakitale yotere imagulitsa pa makontena, osati pa mipukutu iwiri. Mmisiri mmodzi wa ku Zomba sangadzaze kontena, koma okonza maboti a ku Chilwa, a ku Mangochi ndi a ku Nkhata Bay, pamodzi ndi omata galimoto a ku Blantyre, atha kuitanitsa limodzi, popeza chimkeka chimasungika nthawi yaitali chikakhala pouma. Rezini ndiyo yovuta. Imachokera ku mafuta, imayaka moto, imanyamulidwa pa malamulo a katundu woopsa, ndipo m'nyengo yotentha ngati ya ku chigwa cha Chilwa imayamba kulimba m'mgolo pakangotha miyezi yochepa. Imeneyi iyenera kubwera pang'onopang'ono ndiponso pafupipafupi, kuchokera kufupi monga ku South Africa pansi pa mgwirizano wa SADC, ndipo pa boti lopangidwa ndi manja rezini imalowa yambiri pa kulemera kuposa faiba yeniyeniyo. Choncho a Unduna wa Zamalonda ndi a MRA akamaunikanso misonkho ya pa chipata, ayang'ane chimkeka, rezini ndi mankhwala oumitsira ngati katundu mmodzi, n'kuyerekeza zomwe mmisiri wa kuno amalipira pa zitatuzi ndi zomwe amalipira munthu wobweretsa boti lomalizidwa kale.